Magulu apadera a timu ya Green Bay Packers

Magulu apadera, omwe pa Chingerezi amatchedwa special teams, ndi osewera amene amalowa m'bwalo pa masewero a mpira wa ku America nthawi iliyonse imene mpira ukumenyedwa ndi phazi. Ku timu ya Green Bay Packers, ya mumzinda wa Green Bay m'chigawo cha Wisconsin ku United States, mbali imeneyi yakhala yofooka kwa zaka zoposa khumi. Kawiri konse, mu Januwale 2015 ndi mu Januwale 2022, zolakwa za magulu apadera zinachititsa kuti timuyi ituluke m'ndime ya chipulula ya ligi ya NFL pamene ambiri ankaiyembekezera kufika ku Super Bowl. Kuyambira mu Febuluwale 2022 akuluakulu a timuyi anayamba ntchito yokonza vutoli. Analemba ntchito mphunzitsi Rich Bisaccia ndipo anasintha njira yosankhira osewera.

Ntchito za magulu apadera

Mpira wa ku America umaseweredwa kwambiri ndi manja. Timu iliyonse imakhala ndi osewera 11 m'bwalo, ndipo bwalolo ndi lotalika mayadi 100, omwe ndi pafupifupi mamita 91, kupatulapo madera awiri omwetsera akumapeto. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mwayi unayi woti isunthire kutsogolo mayadi 10. Ikafika ndi mpira kudera lomwetsera imapeza touchdown, yomwe ndi mapointi 6. Gulu lomwe limayendetsa mpira limatchedwa offense, ndipo lotchinga limatchedwa defense. Magulu apadera ndi mbali yachitatu.

Ntchito zawo zikuluzikulu ndi zitatu. Kickoff ndi kumenya mpira poyamba chigawo chilichonse komanso timu ikangomwetsa. Punt ndi kumenyera mpira kutali pa mwayi wachinayi, timu ikaona kuti siikwanitsa mayadi 10 aja, n'cholinga choti adani ayambire patali. Field goal ndi kumenya mpira kuti udutse pakati pa mapolo, ndipo imapatsa mapointi 3. Kumenya komweko pambuyo pa touchdown kumapatsa pointi imodzi. Iliyonse mwa ntchitozi ili ndi mbali ziwiri, chifukwa timu ina ikamamenya, inayo imayesetsa kutchinga mpirawo kapena kuuwakha n'kuthamanga nawo kubwerera.

Osewera atatu okha ndi amene amalembedwa ntchito chifukwa cha luso la mbali imeneyi basi: womenya field goal, womenya punt, ndi long snapper, yemwe amaponyera mpira kumbuyo kudzera pakati pa miyendo yake. Pa field goal, mpira umaponyedwa mayadi 7 kapena 8 kwa munthu wogwada yemwe amauimika pansi, ndipo zonse, kuyambira kuponya mpaka kumenya, ziyenera kutha m'masekondi pafupifupi 1.3. Pa punt womenya amaima mayadi 14 kapena 15 kumbuyo ndipo amakhala ndi masekondi awiri okha. Kuchedwa pang'ono, kapena munthu mmodzi kulephera kutseka mpata wake pamzere, kumapatsa adani mwayi wotchinga mpira. Osewera ena onse a magulu apadera amatengedwa ku offense ndi defense, ndipo nthawi zambiri amakhala aja osayambira masewero.

Mbiri yoyambirira

Matimu a NFL anayamba kulemba aphunzitsi oyang'anira magulu apadera okha mu 1969, pamene George Allen wa Los Angeles Rams anapereka ntchitoyi kwa Dick Vermeil. Green Bay nayo inadyapo bwino pa mbali imeneyi. Mu sizoni ya 1996 Desmond Howard anathamanga mayadi 875 pobweza ma punt, zomwe zinali zisanachitikepo mu ligi. Pa 26 Januwale 1997, mu Super Bowl XXXI, iye anabweza kickoff mayadi 99 mpaka kumwetsa touchdown, Packers n'kugonjetsa New England Patriots 35-21. Howard anasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa masewerowo, ndipo ndi yekhayo amene analandirapo ulemu umenewu chifukwa cha ntchito ya magulu apadera.

Kugonja kwa ku Seattle mu 2015

Pa 18 Januwale 2015 Packers inasewera ndi Seattle Seahawks mu fainolo ya chigawo cha NFC, yomwe wopambana amapita ku Super Bowl. Popuma Green Bay inali patsogolo 16-0. M'kota yachitatu Seattle inaima ngati ikumenya field goal, koma Jon Ryan, yemwe amayenera kuimika mpira, anadzuka nawo n'kuuponyera Garry Gilliam yemwe anamwetsa touchdown. Ryan anali atasewerapo ku Green Bay zaka zam'mbuyomo. Kutatsala mphindi ziwiri zokha, zigoli zili 19-14, Seattle inamenya kickoff yaifupi yofuna kulanda mpira, yotchedwa onside kick. Brandon Bostick wa Packers, yemwe ntchito yake inali kutchinga mdani kuti Jordy Nelson awakhe mpirawo, anaudumphira yekha. Mpira unamugunda pachisoti n'kugwera m'manja mwa Chris Matthews wa Seattle. Seahawks inapambana 28-22 m'nthawi yowonjezera.

Mphunzitsi wa magulu apadera, Shawn Slocum, anachotsedwa ntchito pasanathe milungu iwiri, ndipo Bostick anamasulidwa mu Febuluwale. Ron Zook anagwira ntchitoyi kuyambira 2015 mpaka 2018. Matt LaFleur atakhala mphunzitsi wamkulu mu 2019 anabweretsa Shawn Mennenga, yemwe anakhala masizoni awiri. Mu 2021 udindowu unaperekedwa kwa Maurice Drayton, yemwe anali wothandizira pansi pa Zook ndi Mennenga. Maina ankasintha, koma momwe timuyi inkasankhira osewera a magulu apadera sizinasinthe kwenikweni.

Sizoni ya 2021

Mu 2021 Packers inawina masewero 13 n'kuluza 4, inatsogola chigawo chonse cha NFC, ndipo Aaron Rodgers anasankhidwa kukhala wosewera wopambana mu ligi. Koma pa mndandanda wa magulu apadera umene mtolankhani Rick Gosselin ankatulutsa chaka chilichonse, powerengera mbali 22 za kaseweredwe, timuyi inali ya nambala 32 mwa matimu 32.

Zizindikiro zinaoneka sizoni yonse. Mason Crosby, yemwe anali akumenyera timuyi kuyambira 2007, anaphonya ma field goal 9 mwa 34. Atatu mwa iwo anawaphonya tsiku limodzi ku Cincinnati mu Okutobala, ngakhale kuti pamapeto pake anagoletsa wopambanitsa m'nthawi yowonjezera. Sikuti vuto lonse linali phazi la Crosby. Womuimikira mpira, Corey Bojorquez, anafika kuchokera ku Los Angeles Rams sizoni itangotsala pang'ono kuyamba, ndipo mu Novembala long snapper Hunter Bradley analowedwa m'malo ndi Steven Wirtel. Anthu atatu amene amayenera kugwira ntchito ngati munthu mmodzi analibe nthawi yokwanira yozolowerana. Ku Kansas City mu Novembala field goal imodzi inaphonyedwa, ina inatchingidwa, ndipo Packers inagonja 13-7. Mu Disembala Jakeem Grant wa Chicago Bears anabweza punt mayadi 97 mpaka kumwetsa touchdown pa bwalo la Lambeau Field.

Pa 22 Januwale 2022 San Francisco 49ers inabwera ku Lambeau Field m'ndime yachiwiri ya chipulula. Kunali kuzizira koopsa ndipo m'chigawo chachiwiri chipale chofewa chinayamba kugwa. Green Bay inamwetsa touchdown ulendo woyamba umene inagwira mpira, ndipo defense yake inasewera bwino moti offense ya San Francisco siinamwetse touchdown ngakhale imodzi usiku wonsewo. Chigawo choyamba chikutha, Jimmie Ward anatchinga field goal ya Crosby ya mayadi 39. Chigawo chachiwiri chinayamba ndi Deebo Samuel kubweza kickoff mayadi 45, zomwe zinathandiza alendowo kupeza mapointi atatu. Kutatsala mphindi zosakwana zisanu, Packers ili patsogolo 10-3, Jordan Willis anakankha Wirtel pakati pa mzere n'kutchinga punt ya Bojorquez. Mpira unauluka m'mwamba, osewera ambiri osadziwa komwe uli, mpaka Talanoa Hufanga anautola n'kulowa nawo kudera lomwetsera. Nthawi ikutha Robbie Gould anamenya field goal ya mayadi 45 ndipo San Francisco inapambana 13-10. Pa kumenya komalizako Green Bay inali ndi osewera 10 okha m'bwalo m'malo mwa 11.

Drayton anachotsedwa ntchito kumayambiriro kwa Febuluwale atagwira sizoni imodzi yokha.

Magwero a vutoli

Timu ya NFL imaloledwa kukhala ndi osewera 53, ndipo ovala yunifomu pa tsiku la masewero sapitirira 48. Kuchotsapo oyambira 22 ndi akatswiri atatu omenya aja, otsalawo ndi amene amanyamula magulu apadera. Choncho funso lalikulu limakhala lakuti mipando yomaliza ya mndandandawu ipatsidwe kwa ndani: mnyamata wachichepere amene mwina adzakhala woyambira zaka ziwiri zikubwerazo, kapena wosewera wokhwima amene sadzayambirapo koma amadziwa kuthamanga mayadi 40 n'kugwetsa munthu wothamanga ndi mpira.

Kwa zaka zambiri Green Bay inkasankha njira yoyamba. Timuyi imadziwika ndi kudalira achinyamata otengedwa pa draft, mwambo wa chaka ndi chaka umene matimu amasankhirana osewera ochokera m'makoleji, n'kuwakulitsa yokha. Njirayi inaipatsa offense ndi defense zabwino, koma inasiya magulu apadera m'manja mwa osewera amene ambiri mwa iwo ku koleji anali akatswiri moti sankatumidwa ntchito zoterezi. Matimu ena anachita mosiyana. New England Patriots, pansi pa Bill Belichick, inasunga Matthew Slater kuyambira 2008 mpaka 2023 ngakhale kuti pa offense sankasewera kwenikweni, ndipo iye anasankhidwa ku Pro Bowl kakhumi chifukwa cha magulu apadera okha. Baltimore Ravens mu 2008 inapereka utsogoleri wa timu yonse kwa John Harbaugh, yemwe anali ataphunzitsa magulu apadera a Philadelphia Eagles kwa masizoni asanu ndi anayi.

Nthawi yokonzekera nayo ndi yochepa. Mgwirizano wa 2011 pakati pa ligi ndi bungwe la osewera unaletsa kuchita zokonzekera zogundana kawiri patsiku, ndipo unaika malire a masiku 14 okha ovala zodzitetezera zonse mkati mwa sizoni. Kickoff ndi punt ndi zovuta kuziyeserera pa liwiro lenileni chifukwa osewera amavulala. Wosewera amene sanazichitepo amaziphunzira pa tsiku la masewero, pamene cholakwa chimodzi chimaoneka pa bolodi ya zigoli. Ku Green Bay pamabweranso nkhani ya nyengo: mu Disembala ndi Januwale mpira umauma ndi kuzizira, suuluka patali, ndipo umavuta kuwakha.

Kulembedwa ntchito kwa Rich Bisaccia

Bisaccia anali ataphunzitsa magulu apadera mu NFL kwa zaka 20. Anayambira ku Tampa Bay Buccaneers mu 2002, sizoni imene timuyo inawina Super Bowl, kenako anapita ku San Diego Chargers, Dallas Cowboys ndi Raiders. Mu Okutobala 2021, Jon Gruden atatula pansi udindo, Bisaccia anagwirizira utsogoleri wa Las Vegas Raiders, anawina masewero 7 mwa 12, ndipo analowetsa timuyo m'ndime ya chipulula.

Aka sikanali koyamba kuti aitanidwe ku timu yomwe magulu apadera anaigwetsa. Mu 2010 Chargers inali yoyamba mu ligi powerengera mayadi, pa offense ndi pa defense pomwe, koma inawina 9 n'kuluza 7 ndipo inalephera kulowa m'ndime ya chipulula. Dexter McCluster wa Kansas City anabweza punt mpaka kumwetsa pa masewero oyamba, Leon Washington wa Seattle anabweza ma kickoff awiri mpaka kumwetsa tsiku limodzi, ndipo Oakland Raiders inatchinga ma punt awiri m'kota imodzi. Mphunzitsi Steve Crosby anachoka ndipo Bisaccia analowa m'malo mwake mu 2011.

Chosiyana ndi kusintha kwam'mbuyomu ku Green Bay chinali chakuti ulendo uno mkulu wosankha osewera, Brian Gutekunst, anabweretsa anthu olembedwa makamaka chifukwa cha magulu apadera. Keisean Nixon ndi Dallin Leavitt anachokera ku Raiders, komwe anali pansi pa Bisaccia. Rudy Ford anafika kumapeto kwa Ogasiti. Pat O'Donnell, yemwe anamenyera Chicago Bears ma punt kwa masizoni asanu ndi atatu ndipo anali wozolowera mphepo ndi kuzizira, analowa m'malo mwa Bojorquez, ndipo udindo wa long snapper unapatsidwa kwa Jack Coco. Osewera ena oyambira anayamba kutumidwanso ntchito za magulu apadera, chinthu chimene matimu ambiri amachiopa chifukwa cha kuvulala. Bisaccia ankatchula gulu lakelo kuti we-fense, kuseweretsa mawu a offense ndi defense ndi mawu a Chingerezi otanthauza "ife", pofuna kusonyeza kuti ntchitoyi ndi ya timu yonse.

Kusintha kwakukulu kwa sizoni ya 2022 kunachedwa. Timuyi inapitiriza kupatsa Amari Rodgers ntchito yobweza mipira, ngakhale kuti ankaigwetsa mobwerezabwereza. Rodgers anali atasankhidwa mu raundi yachitatu ya draft ya 2021, ndipo matimu amavutika kusiya msanga wosewera amene anamutayira mwayi waukulu chotero. Anamasulidwa pakati pa Novembala atagwetsanso punt pa masewero ndi Dallas. Nixon, yemwe analembedwa kuti azithamangitsa obweza mipira a adani osati kubweza yekha, anatenga ntchito yonse ndipo anatsiriza sizoni akutsogola ligi ndi mayadi 1,009 a ma kickoff. Pa 1 Januwale 2023 anabweza kickoff mayadi 105 mpaka kumwetsa touchdown polimbana ndi Minnesota Vikings, ndipo anasankhidwa mu timu yoyamba ya All-Pro. Pa mndandanda wa Gosselin Packers inakwera kufika pa nambala 22. Koma sizoniyo offense ndiyo inafooka. Timuyi inawina 8, kuluza 9, ndipo siinalowe m'ndime ya chipulula.

Kuyambira 2023

Mu 2023 Bisaccia anapatsidwanso udindo wa wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu. Chaka chomwecho Aaron Rodgers anapita ku New York Jets, timu inabwerera ku ndondomeko yake yodalira achinyamata, ndipo akatswiri atatu omenya anasinthidwa onse nthawi imodzi. Crosby anachoka patatha masizoni 16. M'malo mwake munalowa Anders Carlson wa mu raundi yachisanu ndi chimodzi ya draft, mng'ono wake wa Daniel Carlson yemwe Bisaccia anamuphunzitsa ku Raiders. Ma punt anapatsidwa kwa Daniel Whelan, wobadwira ku Ireland, ndipo long snapper anakhala Matt Orzech.

Nixon anasankhidwanso mu All-Pro, koma magulu apadera onse pamodzi anatsika kufika pa nambala 29. Carlson anaphonya ma field goal 6 ndi mapointi owonjezera 5 mkati mwa sizoni. Pa 20 Januwale 2024 Packers inakumananso ndi San Francisco m'ndime yachiwiri ya chipulula. Nixon anabweza kickoff mayadi 73, mpira unamupulumuka, koma mnzake Eric Wilson anaugwera. M'kota yomaliza, Green Bay ili patsogolo ndi mapointi anayi, Carlson anaphonya field goal ya mayadi 41. San Francisco inatenga mpirawo n'kukamwetsa touchdown, ndipo inapambana 24-21.

Carlson anamasulidwa sizoni ya 2024 isanayambe. Brayden Narveson, yemwenso anali watsopano mu ligi, anaphonya ma field goal 5 m'masewero asanu ndi limodzi. Mu Okutobala timuyi inalemba Brandon McManus, wokhwima yemwe anawina Super Bowl 50 ndi Denver Broncos. Iye anagoletsa ma field goal opambanitsa m'masewero ake awiri oyamba ndipo anaphonya imodzi yokha mwa 21 mkati mwa sizoniyo. Apanso vuto linachepa timu itasiya kuyesa achinyamata pa udindo umene sulola kuphunzirira pantchito. Komabe pa 12 Januwale 2025, ku Philadelphia, Nixon anagwetsa mpira pa kickoff yoyambirira ya masewero a chipulula, Eagles inamwetsa touchdown posakhalitsa, ndipo Packers inagonja 22-10.

Kutchingidwa kwa mipira kunabwereranso mu Seputembala 2025. Ku Cleveland field goal ya McManus yoti ipambanitse timu inatchingidwa kumapeto kwa masewero ndipo Browns inawina 13-10. Sabata yotsatira ku Dallas kumenya kwa pointi yowonjezera kunatchingidwa, wosewera wa Cowboys n'kuthamanga ndi mpirawo mpaka kumapeto ena a bwalo kukapeza mapointi awiri. Masewerowo anathera 40-40.

Malamulo atsopano a kickoff

Ntchito yokonza magulu apadera ku Green Bay inachitika pamene ligi inkasintha malamulo a kickoff, yomwe inkavulaza osewera m'mutu kuposa mbali zina za masewerowa. Mu 2023 wobweza analoledwa kukweza dzanja, kuwakha mpira osathamanga nawo, timu yake n'kuyambira pa mzere wa mayadi 25. Chaka chimenecho ma kickoff obwezedwa anachepa kwambiri, zomwe zinachepetsa phindu la munthu ngati Nixon.

Mu 2024 NFL inatengera njira imene inayesedwa mu ligi ya XFL. Womenya amakhalabe pa mzere wake wa mayadi 35, koma anzake khumi amaima pa mzere wa mayadi 40 kumbali ya adani, moyang'anizana ndi otchinga omwe ali mayadi ochepa patsogolo pawo. Palibe mwa iwo wololedwa kusuntha kufikira mpira utagwa pansi kapena utakhudzidwa ndi wobweza m'dera la pakati pa mzere wa mayadi 20 ndi mzere womwetsera. Popeza osewera sathamanganso mtunda wautali asanagundane, liwiro lokha silikwanira, ndipo matimu amafuna anthu a thupi odziwa kutchinga ndi kudzimasula kwa wotchinga pamalo opanikizana. Mpira womenyedwa kukagwera m'dera lomwetsera, osabwezedwa, unkaikidwa pa mzere wa mayadi 30 mu 2024. Mu 2025 ligi inausunthira pa mzere wa mayadi 35 kuti matimu asamangomenyera mpira kutali pothawa obweza.